Khoma la Tisauke

Kanakantapa,
14 Julaye 2024

Mwana wanga Salome,

Moni kuchokera kuno kumunda. Ndine atate wako, Nason Sakala. Pakamwa ndi panga, koma cholembera chili m'manja mwa azakhali ako a Fyness, monga mwa nthawi zonse. Usandiuzenso za foni. Chinthu chimenecho ndikachiika pakhutu ndimangomva ngati udzudzu uli m'botolo. Kalata ndiyo imandikomera, chifukwa ndikhoza kuwauza a Fyness kuti abwereze pamene pandikoma.

Uli bwanji ku Lusaka? Magetsi akumayaka? Kuno tilipo, koma chimanga chaka chino chinauma chili m'mawondo, mvula inatithawa. Maso anga nawo akuchita nkhungu. Ukapeza wobwera unditumizireko mankhwala odontheza aja.

Tsopano tamvera. Mwezi wa Okutobala tivundukula chiliza cha mayi ako, Tisauke, poti chaka chikukwana chiwagonekereni. Mlongo wako Kondani wakonza kale za mwala ali ku Joni komweko, ngakhale akuti iye mwini sabwera chifukwa cha mapepala. Mbali yako ndi zitenge.

Ukukumbukira chiliza cha malemu a Njobvu chaka chatha, mayi ako asanadwale? Iwe! Azimayi onse anavala chitenge chimodzi, nkhope ya mkuluyo ili apa, ili apo, atamanga tayi, pansi pake vesi. Anthu anakamba mpaka Khirisimasi. Ine ndinayang'ana n'kunena mumtima kuti awa achita kukalipira mlendo kumsika wa Kamwala ku Lusaka, pomwe ine wojambula nsalu ndinabala ndekha. Unayamba uli kamwana, ukulemba maluwa ndi makala pa malaya anga a ku tchalitchi. Ndinkafuna kukukwapula, mayi ako anati, "Yambani mwaona kaye, maluwawo ndi abwino." Ndipo si iwe unasoka diresi la mkwatibwi wa ku Silverest uja, amene matelala ena onse ankamuuza kuti ayambe wachepetsa thupi? Iwe unati nsalu ndiyo imvere munthu, munthu asavutike kumvera nsalu. Nkhani imeneyo ndaikamba pachigayo, ndaikamba ku tchalitchi, mpaka a Fyness akuti anthu atopa nayo.

Ndiye ndakuikira chithunzi cha mayi ako m'kalatamu, chija cha pa ukwati wa Kondani. Uchikulitse. Ndifuna nkhope yake izioneka munthu ali kutsidya kwa msewu. Azimayi a chigwirizano cha kutchalitchi ndawauza kale, akudikira.

Kwatsala kukonza pakhomo. Khitchini yadothi ya mayi ako ndaitanira mmisiri kuti aipake simenti ndi laimu, alendo asadzatiseke. Tinaimanga titangofika kuno kuchokera ku Katete, yakalamba ngati ine. Zolembalemba zake zapakhoma zija nazo zayamba kusuluka.

Yankha msanga.

Ndine atate wako,
Nason


Kabwata, Lusaka,
21 Julaye 2024

Atate okondedwa,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti mukudzuka. Mundiperekere moni kwa azakhali. Ine ndili bwino, kungoti magetsi akubwera mwa kufuna kwawo, ndiye makina amakhala duu tsiku lonse. Mankhwala a maso ndagula, ndibwera nawo ndekha.

Zitenge ndipanga, ndipo ndipanga ndi mtima wonse. Koma nkhope ya amayi sindiika. Ndanena poyera kuti musadikire chinthu chimene sichibwera.

Atate, ine ndisanajambule kanthu ndimayamba ndadzifunsa kuti chinthuchi chikathera kuti. Tsiku la chiliza ndi limodzi, koma chitenge chimakhala zaka. Amachikhalira pansi pamaliro. Amaberekera mwana, mwana n'kuchinyowetsa. Chikang'ambika amapukutira mbale. Si kuipa mtima kwa azimayi, ndiyo ntchito ya chitenge. Mukapita ku Chongwe mukayende pakati pa ogulitsa tomato, mukayang'ane zimene ayala pansi. A Njobvu mukawapeza.

Komanso takumbukirani chithunzi mwanditumizirachi. Dzanja la amayi lili pakamwa. Ankatero nthawi zonse akaona kamera, chifukwa cha mano aja anaguluka. Munthu amene ankabisa pakamwa kwa wojambula mmodzi, ine ndimuyale m'chiuno mwa mpingo wonse? Iwo sangathenso kukana okha, ndiye ndiwakanira ine.

Chinthu chimodzi ndikupempha nditagwada: khoma la khitchini musalikhudze. Mmisiriyo abwerere. Chilala chatilanda chimanga koma chatisiyira khoma limenelo. Mvula ikanagwa bwino, bwenzi zonse zimene amayi analemba zitakokoloka. Ndili ndi ganizo, koma ndiyenera kubwera ndidzalione ndi maso anga ndisanalonjeze.

Musandikwiyire. Kalatayi ndapatsa a Jabulani, dalaivala wa minibasi yoyera ija.

Mwana wanu,
Salome


Kanakantapa,
11 Ogasiti 2024

Salome,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa, koma mtima wanga suli bwino. Kodi ku Lusaka mapepala anatha? Chitumizireni chithunzi cha mayi ako, zii, ngakhale liwu limodzi. Azimayi akundifunsa Lamulungu lililonse, ine n'kumangoti zikubwera, zikubwera, mpaka lilime lachita dzanzi.

Ndipo zimene wachita sabata yatha ndazimva. Tsiku limene ine ndi a Fyness tinapita ku chipatala ku Chongwe kukapimitsa kuthamanga kwa magazi, iwe ndiye unatsika minibasi. Anthu akuti unagwada m'fumbi pa khoma la khitchini, ndi nsapato zako zatawuni, ukujambula ndi foni, ukuyeza ndi tepi, ukununkhiza dothi. Utatero unadutsa mpanda n'kukakhala kwa a Clotilda mpaka dzuwa kupendeka. A Clotilda! Mwa anthu onse a m'Kanakantapa muno! Waiwala kuti mbuzi zawo zinandimalizira kabichi yense m'dimba, ndipo atabwera kudzaona anangoti, "Mbuzi siziziba malire, ba Sakala"? Chiyambire tsiku limenelo sitipatsana moni. Ndikudziwa anali mnzawo wa pamtima wa mayi ako, koma mayi ako sanali mwini kabichi.

Mankhwala a maso ndawapeza pawindo. Zikomo. Koma mwana amasiyira atate wake zinthu pawindo ngati akuthirira nkhuku gaga?

Sizinathere pomwepo. Lachitatu mmisiri wabwera, simenti nditagula kale. Wangoti ayambe kupaka, a Clotilda awa, mpini wa khasu uli m'manja, aima chotsamira khoma. "Apa sipazagwira munthu. Salome ananiuza." Mmisiri, mwamuna wamkulu ndi ndevu zake, analongedza n'kukwera njinga. Pakhomo panga, Salome! Uthenga wa kwa ine tsopano ukudzera kwa mwini mbuzi?

Ndiuze zoona. Kodi ukuchita manyazi ndi nkhope ya mayi ako poti anali wakumudzi, wopanda mano? Ngati ndi choncho unene, ndidziwe kuti sukulu inandidyera mwana. A Fyness akuti mawu awa ndi olemera, asalembe. Ndawauza alembe.

Atate wako,
Nason

Salome, ndine azakhali ako, ndikuwonjezera iwo atatuluka. Atate ako sakudya bwino. Amakhala pakhonde n'kumayang'ana njira ya minibasi. Yankha, mwana wanga.


Joni,
22 Ogasiti 2024

Ba tate,

Muli shani kumunda? Ine nili che bwino, nchito ilipo, kuzizira kwayamba kusila. Ba Fyness ananitumira foni kuniuza vonse. Kalata iyi napasa munzanga wa thiraki. Akabwerera mumupaseko nshawa, ngati chilala chinasiyako.

Nakamba na Salome. Ba tate, uyu mwana wanu mumuziba. Nati, "Sisi, chavuta ni chani? Ni nkhope che, ika pa kompyuta, dinda." Ati anakulemberani kudala, mwezi watha, kuti nkhope sazaika, imwe ndimwe simunayankhe, ndiye aganiza mwakalipa, ayopa na kukumana na imwe. Ine nadabwa, kalata yamene iyo munaiona? Ati afuna kuika pa chitenge vamene vili pa chipupa cha khitchini. Chipupa, ba tate! Bantu bazabwera kukumbukira amai, ise tizabaonesa chipupa?

Manje mverani ichi. Mzimai wina wa hotela anaona pepala yamene Salome ajambula, ili pa thebulo. Anaikonda, afuna makatani ya hotela yonse. Nchito ikulu, yamene ingamugulire jenereta asiye kulira na magetsi. Salome akana! Ati si vake, sangagulise. Nati nanga ni va ndani? Ati hafu ni va amai, hafu ni va ba Clotilda. Ine mutu unayamba kubaba, nadula foni.

Musavutike. Nili na munthu ku Kamwala amene adinda nkhope mu sabata imozi, ni uja anapangira ba Njobvu. Mukangokamba, nimutumira. Amai sazachita manyazi pamene ine nilipo.

Mwana wanu,
Kondani


Kanakantapa,
1 Sepitembala 2024

Mwana wanga Salome,

Moni, ndipo lero ndi moni wabwino. Wadzuka bwanji? Kalata yako ya Julaye yafika Lolemba lapitali. Minibasi ya a Jabulani inafa injini n'kukagona ku galaja nthawi yonseyi, kalata ili pansi pa mpando. Yabwera yakuda bii ndi oyilo, mwamunayo akundipatsa akuyang'ana pansi. Ndiye iwe umati ndakwiya, ine ndimati wanyada, pomwe wolakwa ndi injini. Mawu aja a sukulu ndawabweza m'kamwa.

A Fyness atandiwerengera ndinati bwerezani. Lachisanu ndinakwera minibasi ya ku Chongwe, ndimati ndikaone ndekha bodza la mwana wanga. Ndinayenda pamsika manja ali kumbuyo ngati wogula. Salome, ndinawapeza. A Njobvu, mkulu wa mpingo, munthu amene mwana sankadutsa pamaso pake osagwada: diso limodzi lili pansi pa anyezi, tayi yadontheredwa madzi a tomato, vesi laponderezedwa ndi mwala kuti mphepo isaulutse. Ndinati kwa wogulitsayo, "Mayi, mukudziwa mwayala ndani apa?" Iye osatukula ndi mutu womwe, "Atate, mugula kapena mwabwera kuona nsalu?" Ndinachoka osagula.

Nditafika kunyumba ndinatsegula sutikesi ya mayi ako. Chitenge chake cha a Njobvu chilimo, chopindidwa nkhope ili mkati, chikadali chokhuthala ngati chatsopano. Chichokereni kumanda kuja sanachivalenso, ndipo sanauze munthu chifukwa chake.

Ndiye wanena zoona, sindikukana. Koma nawenso undimve. Ine sindinafune nkhope chifukwa chopikisana ndi a kwa Njobvu kokha. Maso anga akupita, Salome. Ndikatsinzina kuti ndimuone mayi ako, ndimaona mpango wake, ndimaona mmene ankaimira dzanja lili m'chiuno akamandikalipira, koma pankhope pamangochita mbuu. Chithunzi chija nacho ndi dzanja lokhalokha. Ndimati mwina ikakhala yaikulu pansalu, anthu ambiri atavala, ndidzamuonanso kamodzi bwinobwino. Khoma silingandiyang'ane.

Kondani ali ndi munthu wake ku Kamwala. Sindinamuyankhe. Ndikudikira iwe, koma mwezi uno ukatha ndilibe kanthu m'manja, ndidzamuuza adinde. Sindingaime pamanda a mkazi wanga azimayi atavala zosiyanasiyana ngati tsiku la msika.

Ulendo uno kalata uziipereka kwa kondakitala, ndiye amatsika.

Ndine atate wako,
Nason


Kabwata, Lusaka,
12 Sepitembala 2024

Atate okondedwa,

Ndalira powerenga kalata yanu, kenaka ndaseka za anyezi, kenaka ndaliranso. Maso mukuwamva bwanji? Musaleke kudontheza. Azakhali andiuze ngati mwayamba kudya. Za nkhope ndamva. Imeneyo ndisiyireni, sindiiwala.

Ndaika kachidutswa ka nsalu m'kalatamu kuti muone ndi manja omwe. Ndi mzere wa pakhoma la amayi: madontho aja ankadinda ndi chitsononkho, masamba a chibwabwa, ndi timizere ta zala. Mitundu ndatengera pa dothi lenileni limene ankazirira, lofiira la pachulu, lakuda la kudambo, ndi kuyera kwa phulusa. Ndinabwera nalo m'timapepala tsiku lija. A kufakitale ayesa kangapo ine ndikuwabweza, chifukwa kufiira kwawo kunali kwa maswiti. Pano akandiona pageti amabisala.

Koma sindinawauze kuti adinde zonse, ndipo sindiwauza inu musanachite chinthu chimodzi. Khoma limenelo si la amayi okha. Chaka ndi chaka ankalizira awiri ndi a Clotilda. Ine sinditenga cha munthu osapempha, ngakhale mwini wake asakudziwa kuti n'chamtengo. N'chifukwa chake wa hotela uja ndinamubweza. Tsiku lija ndinapita kukawapempha, ndipo anandiyankha kuti, "Mbali yanga tenga. Koma mbali ya Tisauke mwini wake ni uja wa kabichi. Abwere aniuze na pakamwa pake kuti avomera, kuti mailo kapena siku ina asazakambe ati ninapangana na mwana wake kumbali."

Ndiye zili kwa inu, Atate. Mukati ayi, sindidinda, ndipo sindidzakusungirani mangawa. Ndidzapezera azimayi nsalu yabwino yopanda chojambula, kuti avale zofanana. Mukati inde, pitani. Ndi mpanda umodzi wokha. A kufakitale akufuna yankho mwezi usanathe, chifukwa nawo akulimbana ndi magetsi.

Mwana wanu,
Salome


Kanakantapa,
22 Sepitembala 2024

Salome mwana wanga,

Moni. Khala pansi, nkhani ndi yaitali, a Fyness ausa kale moyo.

Kansalu kako ndinakatulutsa padzuwa. N'kokongola, sindinama. Koma ndinaona cholakwa. Mzere ukuyenda bwinobwino, ukafika pakati wathyoka: mbali ina yakwera, ina yatsika, sizikukumana. Ndinati ohoo, makina a ku Lusaka amupusitsa mwana wanga. Mumtima ndinakondwako, chifukwa ndinapeza chonyamula popita kwa a Clotilda. Mwamuna sangangodutsa mpanda chimanjamanja kukati ndavomera. Ndinavala jekete.

Ndinawapeza akusankha nyemba palichero. Mbuzi zija zili pomwepo, zonenepa, zikundiyang'ana.

"Odi."

"Ah, ba Sakala! Mwasochera? Kabichi kuno kulibe."

"Kabichi ali m'mimba mwa izo. Ndabwera ndi nkhani ya mwana."

"Nkhalani. Mupando uyo, suluma."

Ndinatulutsa kansalu. Ndati, "Onani apa, mwana walakwitsa. Ndifuna ndimulembere awongole asanadinde zambiri."

Anakatenga n'kukayandikiza kumaso. Anakayang'anitsitsa mpaka nkhuku inayamba kujompha nyemba iwo osaiona. Kenaka anadzuka, n'kundikoka mkono wa jekete ngati mwana wothawa sukulu, mpaka kuseri kwa khitchini yathu. "Langanani apa." Salome, kuthyoka kuja kulipo pakhoma, chimodzimodzi, pamalo pamene ndimatsamiritsa njinga.

Ati, "Tisauke anali kuyambira pa chitseko kuyenda kumanja, ine kumanzere, tizungulira, tikumana kuno kumbuyo. Iye mutali, ine mufupi. Chaka chilichonse mizere inali kuphonyana. Chaka choyamba ninati tifafanize tiyambirenso. Iye ati, 'Siya, Clotilda, apa ndiye pazioneka kuti tinali awiri.' Manje imwe mufuna kuwongola?"

Ine ndatsamiritsa njinga pamenepo zaka zonsezi osaona. Iwe unabwera tsiku limodzi lokha, n'kugwada, n'kuona. Ndipo utaona sunanene kuti akalamba awa dzanja linawanjenjemera, ndiwakonzere.

"Ndavomera," ndinatero.

"Kambani mokweza, makutu yanga ni yakudala, yokalamba monga yanu."

"Ndavomera, mayi!"

"Na mbuzi mwazikhululukira?"

"Imeneyo ndi nkhani ina."

Anaseka mpaka kukhala pansi. Kenaka kuseka kuja kunasanduka kulira, dzanja lili pothyoka paja. Nanenso ndinayang'ana kudambo kwa kanthawi. Pobwerera anandipatsa nyemba m'mbale, ati ndiyambe kudya ngati munthu.

Dinda, mwana wanga. Usawongole kanthu. Kondani ndamutumizira mawu kuti munthu wake wa ku Kamwala apume. Ukamabwera utengeko shuga ndi masamba a tiyi, alendo adzachuluka.

Ndine atate wako,
Nason


Kanakantapa,
10 Novembala 2024

Mwana wanga Kondani,

Moni kuchokera kwanu. Uli bwanji ku Joni? Mapepala aja afika pati? Nshawa zochepa ndapatsa mnzako wa thiraki, pamodzi ndi kaphukusi. M'kaphukusimo muli chitenge cha mayi ako, upatse mkazi wako. Zithunzi za pafoni Salome wakuonetsa kale, koma foni sidziwa kukamba nkhani, ndiye tamvera kwa ine.

Mwala wako ndi wabwino, abusa anauyamikira. Zitenge zinafika dzulo lake la mwambo, mlongo wako maso ali psuu ndi tulo. Ine mtima unali m'mwamba. Ndimati anthu adzanena kuti a Sakala analephera kuika nkhope. M'mawa azimayi anatuluka m'tchalitchi pamzere akuimba, ndipo Kondani, ndinaona khitchini ya mayi ako ikuyenda pamsewu. Sipanafunike wofotokoza. Mayi wina wa kutsidya, amene sitinamuitane n'komwe, anaima chidebe chili pamutu n'kukuwa, "Aka ni ka Tisauke aka!" Anatula chidebe n'kutsatira. A Clotilda, ngakhale ndi a Katolika, anayenda kutsogolo ndi azimayi athu, akuimitsa aliyense kumuonetsa pothyoka paja. M'mphepete mwa nsalu mlongo wako analembamo maina awiri, Tisauke ndi Clotilda. Lake mulibe. Nditamufunsa anati, "Ine ndangonyamula kuchokera pakhoma, Atate."

Za hotela zija usamutchenso wamisala. Wauza a Clotilda ndi ine ndi azimayi kuti tikambirane tokha. Tikafuna, adzatithandiza ndipo phindu lidzabwera kuno. Tikakana, zathera pomwepo. Azimayi akadakangana mpaka lero.

Anthu atabalalika Salome anandiitanira m'nyumba n'kutseka chitseko. Anatulutsa chinthu chokulunga m'pepala. Anajambula yekha ndi makala, osaonera chithunzi chilichonse: mayi ako akuseka, dzanja palibe, mpata wa mano uli apo, mmene ankasekera ndikamakometsera nkhani zanga. Nkhope yaikulu, yoti ngakhale maso angawa akuiona. Ndinakhala pabedi. Salome anati, "Ichi n'cha kuchipinda kwanu, Atate. Kuseka uku ankationetsa ife tokha." Ndiye usapemphe kuti tikujambulire pafoni. Ukafuna kuwaona mayi ako, konza mapepala ubwere.

Mvula yoyamba yagwa Lachiwiri, yamphepo, yomenya chammbali. Ndinaima pakhomo ndikuona khoma likusungunuka, lofiira ndi lakuda kutsikira pansi pamodzi. Itakata panatsala dothi lokhalokha. Ndisanaganize zolira, a Clotilda anakuwa ali kuseri kwa mpanda kuti tikakolola adzayambira kumanzere monga kale, Salome adzayambire pa chitseko. Ati nayenso ndi wamtali, ziphonyana bwino. Simenti ija ndagulitsa kwa mmisiri yemweyo.

Dzulo ndinali ku Chongwe kukafunsa za mbewu. Ndikudutsa pamsika, ndinangoona kufiira kwa pachulu pathu pansi. Mayi yemwe uja amene ndinamupeza atayala a Njobvu, tsopano wayala chitenge cha mayi ako. Anachipeza bwanji sindikudziwa, mwina kwa mbale wake. Ndinaima, ndikudikira kuti mtima undibaye ngati tsiku lija. Sunandibaye. Tomato ali pa masamba a chibwabwa, anyezi ali pa madontho a chitsononkho, zinangokhala ngati m'dimba mwa Tisauke nthawi yokolola.

Mayiyo anandizindikira. "Atate, lero mugula kapena mwabwera kuona nsalu?"

"Zonse ziwiri," ndinatero. Ndipo ndinagula.

Ndine atate wako,
Nason